Tsiku Limene a Chitsulo Anakomoka

A Chitsulo anali owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, ndipo dzina limeneli silinawagwere mwangozi. Mikono yawo inu, ngati ntchafu za munthu wina! Kutchalitchi akafuna kusuntha mabenchi, anyamata amagwira awiriawiri, koma iwo amangokweza benchi paphewa okha, kwinaku akuimba. Ndiye anthu anawasankha kukhala mkulu wa gulu la abambo. Loweruka lililonse ankaima kutsogolo n'kumadzimenya pachifuwa.

"Mkhristu saopa!" ankatero. "Mwamuna akonde banja lake mpaka kulifera, monga Ambuye anatifera. Utabwera mkango lero, ine ndiima kutsogolo kwa mkazi wanga!"

Abambo onse amvekere, "Ameni!" Mkango unali usanafikepo m'tauni imeneyo chiyambire, choncho lonjezoli silinkavuta kusunga.

Koma imvani chimene anthu sankachidziwa. A Chitsulo ankaopa jakisoni. Osati kuopa kwamasewera ayi. Dzino linawasautsa mpaka tsaya kutupa ngati mpira, koma kuchipatala sanapondeko, ati akulipempherera. Amene ankadziwa chinsinsi chimenechi ndi akazi awo okha, ndipo anali mayi wosunga pakamwa.

Ndiye apongozi awo, mayi a akazi awowo, anadwala. Apongozi amenewa sankawawerengera a Chitsulo n'komwe. Ankawatchula kuti a Phokoso, ati mwana wawo anakwatiwa ndi wailesi yopanda pozimitsira. Adokotala anati pakufunika opaleshoni, koma magazi m'chipatala achepa, achibale abwere adzapereke.

Akazi awo anawapeza kuntchito akuwotcherera geti, moto uli thetheru.

"Bambo a ana, zimitsani kaye. Ine andikana chifukwa ndine woyembekezera. Alamu anu awakananso, ati ndi owonda kwambiri. Mwatsala ndinu."

A Chitsulo anavula magalasi awo akuda owotcherera pang'onopang'ono. "Magaziwo amatenga bwanji, mayi?"

"Mukufuna azitenga ndi supuni? Ndi singano."

Apa a Chitsulo zinawavuta. Akanawauza kuti alowe m'nyumba yoyaka moto, akanalowa akuimba. Koma singano! Ndiye ngati zimenezo sizinakwane, akazi a abusa anamva nkhaniyi, ndipo chimene amva akazi a abusa chamvedwa ndi mpingo wonse. M'mawa mwake abambo a gulu lija anali atafika kale kuchipatala, atavala majekete, ati adzaone mkulu wawo akuchita zimene amaphunzitsa. Ngakhale a Kiyibodi, oimba limba kutchalitchi, amene nthawi zonse ankasekedwa ndi a Chitsulo chifukwa cha timanja tawo tofewa, anakhala pabenchi loyang'anizana ndi chitseko.

M'chipindamo munali bedi lalitali lokutidwa ndi pulasitiki, kabati yagalasi, ndi fungo la mankhwala lija lolowa mpaka kukhosi. Chitseko sichinkatsekeka bwino. Anesi, mayi wamfupi wa magalasi, anayamba mafunso.

"Mwadya m'mawa uno?"

"Ndadya."

"Mwadwalapo posachedwa? Mukumwa mankhwala alionse? Mukakhala kuti mukumwa, sititenga."

A Chitsulo anaona khomo lothawira litatseguka lokha. Kungoti "eya" basi, akanatuluka mutu uli m'mwamba, n'kuwauza abambo aja kuti, "Abale, ndinafunitsitsa koma andikana." Akazi awo anali ataima pakona, maso pansi, manja pamimba. Sakanawaulula, zimenezo a Chitsulo ankadziwa bwino. Koma maso a mayiyo anali ofiira ndi kulira, ndipo kuwodi uko apongozi ankadikira.

"Sindikumwa mankhwala," anatero ndi timawu tating'ono. "Koma anesi, ine ndikuopa."

"Mwati chiyani bambo? Kwezani mawu."

"Ndikuopa singano!"

Mawu a a Chitsulo inu mukuwadziwa, sadziwa kunong'ona. Abambo onse pabenchi panja paja anamva.

"Chimunthu chonsechi?" anatero anesi. "Gonani apa. Yang'anani kukhoma."

Anagona. Bedi linkagwedezeka ndi kunjenjemera kwawo moti anesi anachita kuwagwira mkono ndi chigongono. Singano italowa anakuwa kuti, "Mayo ine!" kenaka anayamba kuimba kanyimbo ka ana a Sande sukulu, mawu akutuluka ngati a mbuzi. Zala za akazi awo anazifinya mpaka mayiyo kunena kuti, "Bambo a ana, ndidzazifunabe zalazi." Koma mkonowo sanauchotse. Thukuta lili kamukamu, misozi ikulowa m'makutu, anagonabe mpaka kathumba kanadzaza.

"Mwatha," anatero anesi. "Onani, si awa magazi anu."

Kulakwa kunali pomwepo. A Chitsulo anacheuka, anaona kathumba kofiira, maso anatembenuka, basi thapsa!

Anatsitsimuka miyendo itakwezedwa pampando, a Kiyibodi akuwakupiza ndi buku la nyimbo. Munthu wonyamula benchi yekha uja anachita kunyamulidwa ndi gulu lonse la abambo kupita naye pamthunzi, ena akubuula kuti akulemera ngati firiji.

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira msika. Ena ankati analira kuitana amayi awo, ena ankati ananyowetsa buluku, koma limenelo ndi bodza la akazi a abusa. Ana a mumsewu anasiya kunena kuti a Chitsulo, anayamba kuti a Jakisoni. Loweruka lotsatira ataima kutsogolo, wina kumbuyo analira ngati mkango, gulu lonse n'kufa nako kuseka. Munthu anapempha kufera banja lake, koma Mulungu anangomutengera kathumba kamodzi ka magazi ndi dzina lake lonse.

Opaleshoni inayenda bwino. Atachira, apongozi anafika okha kuntchito kuja ndi ndodo yawo, n'kukhala pa chitini cha penti.

"Bambo, ndamva kuti munakomoka."

"Ndi zoona, amayi."

"N'chifukwa chake! Masiku ano ndikangoona singano yosokera, mtima umathamanga. Mwandipatsa magazi amantha."



"Koma akuyenda," anatero apongozi, akudziyang'ana m'mikono. "Akuyenda bwino ndithu. Mwadya, mwana wanga?"

Mawu akuti a Phokoso sanamvekenso. Nkhani ya mkango nayo inatheratu pa Loweruka. Koma mwana wa a Kiyibodi atachita ngozi, chipatala n'kuitananso anthu, woyamba pamzere anali a Jakisoni, milomo ili gwagwagwa, nkhope itatuwa. Kumbuyo kwawo kunali akazi awo, khanda kumsana, atanyamula pilo woti abambo agwerepo.