Wogogoda Magudumu a Sitima

Miyendo yanga siidziwa kukhazikika, koma tsiku limenelo sitima inatidikiritsa maola asanu pa kasiteshoni kena, m'chipinda cha mabenchi atatu ndi zenera losatseguka. Pambali panga panali bambo wina wa ovolosi yothimbirira, kanyundo ka chigwiriro chachitali kali pamiyendo. Ntchito yake inali yogogoda magudumu a sitima. Gudumu labwinobwino limalira ngati belu, long'aluka limangoti phu. Anzake ankamutcha Makutu.

"Madala, zaka khumi ndi zinayi ndili pompano," anatero. "Mkazi ndi ana ali kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Chaka chilichonse ndimapempha kuti andisamutsire komweko, ngakhale ntchito yosesa. Abwana amangoti, 'Iwe uli ndi talente, wina ngati iwe timupeza kuti?'"

"Kumenekotu n'kukuyamikirani," ndinatero.

"Kuyamikira? Mwana wanga wa ku sekondale anawafufuza mawu oti talentewo m'buku. Akuti Angerezi anawatola kwa Agiriki akale, ndipo poyamba sankanena za luso ayi. Unali muyeso wa pasikelo, wolemera ngati theka la thumba la simenti. Ndinaseka mpaka misozi."

Ndiye chaka chatha Makutu anapangana ndi mtima wake. Kampani imayeza makutu a antchito chaka ndi chaka. Amakuveka zomvera, kaphokoso kakalira ukweze dzanja. Makutu anamva kaphokoso kalikonse, koma dzanja analisiya pabondo. Namwino analemba kuti makutu aja atha ntchito. Mwezi usanathe kalata yomusamutsa inatuluka, nyundo n'kuperekedwa kwa munthu wina amene anaphunzitsidwa mothamanga.

Tsiku lonyamuka anakhala pazenera la sitima, sutikesi ili pamiyendo, mkazi atalonjeza kale kuti akamuchingamira. M'bogimo munadzaza amayi a makanda ndi ogulitsa malonda. Wolowa m'malo uja anadutsa panja akugogoda. Ngwee. Ngwee. Phu. Ngwee. Osaima.

"Ndinadziuza kuti ndine gonthi, pepala likutero," anatero Makutu. "Ndinawerenga mpaka teni. Kenako ndinangozindikira ndatsika, ndili pansi, ndikukuwa kuti bogi yachitatu aichotse."

Anapezadi mng'alu wobisika cham'kati mwa gudumu, wautali ngati chala. Abwana anamugwira chanza anthu onse akuona, kenako anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Koma iwe, gonthi wamva bwanji ali m'kati, zenera lili lotseka?"

Za bodza lija sanamuzenge mlandu. Anangomubwezera nyundo yake.

"Nanga akunyumba?" ndinafunsa.

"Anaima pasiteshoni mpaka munthu womaliza anatsika. Masiku ano akaimba foni amafunsa ngati ndadya. Zoti ndibwera liti anasiya."

Sitima yathu inalira chapatali. Makutu anadzuka, n'kudziwongola msana.

"Madala, musathamangire kukwera. Mudikire ndimalize kaye."