Muyeso wa Chikwama cha M'ndege

Ine ndine namwino, ndipo pakamwa panga ndimapadziwa, sipachedwa kutulutsa mawu. Koma abale inu, ngati mwaganiza zonama, musakanamize munthu woyenda ndi tepi yoyezera m'khosi pa nkhani ya muyeso. Ine ndinachita zimenezo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimafuna kubisa nkhope.

Kuchipatala kwathu anandisankha kuti ndipite kunja kukachita maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi. Ndege ndinkangoiona ikudutsa m'mwamba ngati wina aliyense. Nditaweruka tsiku limenelo ndinathamangira kwa ababa kukawauza. Ababa amasoka nsapato ndi zikwama pakhonde la sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pokwerera basi. Akhala pa benchi yomweyo zaka makumi atatu, ndipo ine sukulu yonse ndinaphunzira ndi singano yawoyo.

Anaimitsa makina, nachotsa magalasi.

"Kunja kwenikweni? Kokwera ndege?"

"Kwenikweni, ababa."

"Ndiye tamvera, mwana wanga. Sutikesi ukagule kumene ukufuna. Koma chikwama chokoleka paphewa, cholowa nacho m'ndege, usagule. Chimenecho ndisoka ndine."

Anasoka masabata atatu. Chikopa anakachisankha okha, chofiirira, chokhuthala bwino. Anafunsa kasitomala wawo wina woyendayenda zimene munthu amafuna pafupi akakhala pa ulendo, ndiye mkati anaikamo thumba la pasipoti, la tikiti, la foni, ndi kena kobisika kokhala ndi zipi yakeyake. Lamba wake anali wotakata zala zitatu kuti asamadye phewa. Ulusi unali woyera, wooneka ukadali patali, ndipo chonsecho chinkanunkhira guluu ndi polishi. Ndinene zoona, sichinali choipa ayi. Kungoti aliyense akanadziwa kuti chasokedwa pakhonde.

Ine, kupusa kwanga, ndinapita nacho kuntchito. Tili ndi mnzathu wina amene timamutcha Sisitala Ndege, chifukwa anakwerapo kawiri ndipo nkhani iliyonse, ngakhale ya odwala m'mimba, amaikhotetsera ku bwalo la ndege. Iyenso anali pa ulendo womwewu. Atachiona patebulo m'chipinda chathu chopumira, anachinyamula ndi zala ziwiri.

"Iii, anzanga! Kodi mukupita kukaphunzira kapena mwapeza ntchito ya ukondakitala? Chasowa ndi matikiti basi."

Chipinda chonse chinafa nacho chiseko. Nanenso ndinaseka, mwinanso kuposa onse.

"Aaa, wina wake wangondipatsa," ndinatero. "Inu mukuona ngati ndingakwere nacho ndege chimenechi?"

Wina wake! Munthu amene zala zake zinakakamala chifukwa cha ine ndinamusandutsa wina wake, tiyi ali m'manja.

Madzulo ake ndinadzera pakhonde paja, bodza nditaliphika kale m'njira.

"Ababa, chikwamachi n'chabwino zedi. Koma a ndege akuti chakula. Ali ndi muyeso wawo, ndiye chikapitirira salola kulowa nacho."

Anachilandira, nachitembenuza, nasolola tepi m'khosi.

"Chapitirira mbali iti? M'litali kapena m'lifupi?"

"Sananene."

"Ndi masentimita angati?"

"Angoti chakula basi."

"Muyeso wopanda nambala?" Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Chabwino. Chisiye pano."

Ndinapita kunyumba mtima uli m'malo, ndikuganiza kuti yatha. Ndinaiwala kuti ababa ndi munthu amene ukawauza kuti nsapato ikuthina amakuvula sokosi kuti aone chala chimene chikudandaula.

Mawa lake pa nthawi ya nkhomaliro ndinadutsanso, ndipo ndinapeza makina atavundikiridwa ndi nsalu, benchi ili yokha. Chibadwire sindinaonepo zimenezo pakati pa sabata. Ngakhale tsiku limene anachotsa dzino anabwerera kudzasoka thonje lili m'kamwa. Ndikanali chiimire ndinawaona akutsika basi, atavala jekete lawo la ku maukwati, chikwama chija chili paphewa.

"Mwachokera kuti, ababa?"

"Ku ofesi ya a ndege. Ndimati ndikatenge nambala yeniyeni kuti ndichepetse."



"Anandilandira bwino," anapitiriza akuvula jekete. "Mpando anandipatsa. Ali ndi chitsulo chawo chonga bokosi, chimene amayesera zikwama. Mtsikana wa pakauntala anati ndiyese ndekha."

Anapinda jekete mosafulumira, naliika pansi pa benchi. Ine ndinangokanda m'mutu. Fisi akagwa m'mbuna salankhula.

"Chinalowa," anatero. "Mpaka kutsala malo a zala ziwiri uku ndi uku."

Basi ina inaima, anthu anatsika, ina inanyamuka. Ine ndinangoti zyoli, maso pa zidutswa za labala zimene zinali pansi.

"Koma ndege n'zambiri, mwana wanga," anatero ababa akuvundukula makina. "Mwina ndinapita ku ofesi yolakwika. Mwina yanuyo ili ndi chitsulo chaching'ono."

Anthuni, anali atanditsegulira khomo lothawira. Apa mpamene munthu wolongosoka akanagwada n'kunena kuti ababa ndinanama, anzanga anandiseka, ndikhululukireni. Mawuwo anafika pakhosi. Koma chimene chinatuluka n'china.

"Ee, mwina."

"Ndiye Loweruka tipitire limodzi kusitolo. Zogulazi zimanyenga, ndikakuthandize kusankha."

Sitolo yake inali ya magalasi ponseponse, zikwama zitayalidwa pa mashelefu owala ngati mankhwala odula. Sisitala Ndege ndinali nditapangana naye kale, ndipo ndinasowa njira yomuletsera. Tinamupeza atafika, atakoleka chikwama china paphewa, akudzitembenuza pagalasi.

"Awa ndi ababa," ndinatero.

Anawapatsa moni mwaulemu, mpaka kupinda bondo. Kenaka pakamwa paja panatseguka.

"Mwachita bwino kubwera, bambo. Mwana wanuyu akanatichititsa manyazi kunja. Anabwera kuntchito ndi chichikwama cha kondakitala, akuti wina wake anangomupatsa. Munachiona?"

Ndinalakalaka pansi patang'ambika kuti ndilowe. Ndinamuponda phazi, koma iye anangolisuntha.

"Ndinachiona, mayi," anatero ababa.

"Eti n'choseketsa?"

"N'cholemera pang'ono."

Sanandiyang'ane n'komwe. Anangosolola tepi, nayamba ntchito. Chikwama chilichonse ankachitsitsa, n'kuchiyesa mbali zitatu, n'kutsegula zipi ndi kutseka kakhumi konse khutu lili pafupi. Ankapisa dzanja mkati n'kutembenuza nsalu kuti aone msoko. Akafika pa lamba ankakulunga m'dzanja n'kukoka. Mayi wogulitsa anayamba kuwatsatira pambuyo, nkhope itakwinyika, maso ali pa zikhadabo zawo zakuda ndi polishi.

"Agogo, musakoke choncho. Zimenezi n'zochokera kunja."

"N'chifukwa chake ndikukoka, mayi. Zikubwerera komweko, ndipo kumeneko ine kulibe."

China anachikana chifukwa zipi inali ya pulasitiki yopyapyala. China anati pakamwa pake n'potseguka, wakuba sangavutike. China anati chilibe poika pasipoti, mwanayu azidzakhuthula zonse pansi anthu ali pamzere. Ankalankhula modekha, ngati nkhani ya Sisitala ija sanaimve. Zikanakhala bwino akanandikalipira pamaso pa anthu onsewo. Ine ndinkangowatsata, ndikuvomera chilichonse ngati mwana wogwidwa ndi shuga m'manja.

Sisitala Ndege anatsitsa chakuda, chopepuka, chokhala ndi zilembo zagolide kutsogolo.

"Ichi ndiye cha munthu wokwera ndege."

Ababa anachiyesa, nachitembenuza, nakanda ndi chikhadabo pamene lamba analumikizana ndi chikwama.

"Chikomekome cha mkuyu. Apa angomata guluu n'kudutsitsa ulusi kamodzi. Ukaikamo mabuku awiri, lamba aduka usanafike n'komwe." Kenaka, kwa nthawi yoyamba m'sitolomo, anatembenukira kwa ine. "Koma wachikonda?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Tenga chomwecho. Ukandisiyire masiku awiri."

Masiku awiriwo sindinadye bwino. Kuntchito ndinakalipira wodwala wosalakwa, n'kubwereranso kukapepesa. Ndinkati ndikagwira chilichonse ndimaona ababa ali mu jekete la ku maukwati, akulowetsa chikwama chawo m'chitsulo chija pamaso pa anthu ovala bwino, chikulowa bwinobwino, iwo n'kuima pamenepo akuzindikira chimene mwana wawo wachita. Ndinadzitukwana mokwanira. Sisitala Ndege ndi ndani kwa ine? Anandigulirako yunifolomu? Ndinatsimikiza mtima kuti ndikatenga chikwama cha ababa, ndikwera nacho ndege, woseka aseke mpaka mano agwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti tinyamuke ndinalawirira pakhonde paja. Ababa anali akumata chidendene cha nsapato ya mwana wasukulu. Atandiona anapukuta manja pa epuloni, natulutsa chikwama chakuda chija m'pepala la pulasitiki limene anachikulungamo kuopa kuti chingade.

Kunja chinali chimodzimodzi monga tinachigulira, zilembo zagolide zili mbee.

"Takoka lamba," anatero.

Ndinakoka. Sanasunthe.

"Koka zenizeni, ngati ukukangana ndi wakuba."

Ndinakoka ndi mphamvu zanga zonse. Zinali ngati ndikukoka chitseko chokhoma. Anatsegula zipi, nandigwiritsa chala pansi pa nsalu ya mkati. Munali chinthu cholimba, choyenda kuchokera mbali ina ya lamba, kudutsa pansi, mpaka mbali inayo.

"Ndamasula nsalu, ndalimbitsa, ndabwezeretsa. Kathumba kobisika kalinso apa. Ndasokera mkati ndi ulusi wakuda. Usade nkhawa, anzako sadziwa kuti padutsa dzanja langa."

Apo ndiye misozi inangoti mbwe, pakhonde pa eni ake, anthu odikira basi akuona.

"Ababa, ndinanama. A ndege sananene kanthu. Anzanga anandiseka, ine n'kuchita manyazi ndi ntchito ya manja anu. Mawu aja akuti wina wake ndinawanena ndine. Ndikhululukireni."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Pukuta m'maso, anthu aziti ndakumenya."

"Ichi sindichifuna. Ndipatseni chija munasoka. Ndikwera nacho chomwecho."

Ababa anasuntha phazi, ndipo ndinaona pansi pa benchi zidutswa za chikopa chofiirira, zina zikadali ndi ulusi woyera m'mphepete, zipi yaikulu ili payokha pambali.

"Chija ndinachimasula," anatero. "Nanga chikopa cholimbitsira ichi ndikanachitenga kuti?"