Zala Khumi, Makutu Awiri

Madzulo aliwonse makina akazima, Bwerezani ndi anzake ankaima pamzere n'kukweza manja ngati ogwidwa ndi apolisi. Mwini shedi ya matabwayo, yemwenso anali mlamu wake, ankadutsa akuwerenga zala. Zikakwana khumi khumi, ankafufuta nambala pabolodi n'kulemba ina ndi choko. Lachitatu limenelo analemba 600.

"Masiku 600 popanda wovulala!" anakuwa alamuwo. "Mawa kukubwera mayi woyendera malo antchito. Aliyense aonetse mano, mwamva?"

"Bwerezani?" anatero Bwerezani, anzake n'kufa nako kuseka. Dzinali linachokera pomwepo. Atapala matabwa zaka makumi awiri pa makina olira ngati chigayo, ukamuuza mawu kamodzi ankapempha kawiri.

Ankaseka nawo, nanga akanatani? Koma phwete linamuthera Lamlungu lapitalo. Mdzukulu wake woyamba, ali pamiyendo pake, anatsegula kakamwa, nyumba yonse n'kuwomba m'manja. "Wakuitanani! Wati agogo!" anakuwa mpongozi wake. Iye anali atangoona timilomo tikugwedera. Kenaka mpongoziyo anayankhula ndi mwamuna wake, mwana wachisamba wa Bwerezani, yemwe anali atagwira ntchito pa makina omwewo zaka zisanu. Mwamunayo anapendeketsa mutu, kutchera khutu limodzi. Bwerezani anachita mantha. Kapendekedwe kameneko ankakadziwa, kanali kake komwe.

Tsono anene? Kunena kunali kuvula alamu pagulu, munthu amene anamutola ali lova. Kukhala chete kunali kupereka makutu a mwana wake. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mayi woyenderayo anafika m'mawa, wamfupi, magalasi ali pamphuno. Pepala lake linali la Chingerezi, ndiye ankawerenga n'kumamasulira. "Apa akufunsa kuti, kodi ntchito ino inavulazapo munthu?"

"Manja m'mwamba, anyamata!" analamula alamu. "Werengani nokha, mayi. Mukuona magazi pano?"

Mayiyo anatsitsa cholembera kuti achonge. Apo m'pamene Bwerezani anatuluka pamzere n'kukayang'ana kukhoma, anthu onse atawafulatira.

"Mayi, ndiitaneni. Musakuwe ayi, ndiitaneni mmene mumaitanira munthu."

Anadikira. Utuchi unkauluka pang'onopang'ono pa kuwala kwa pawindo. M'makutu mwake munali kulira kwa masiku onse kuja, ngati udzudzu wosatopa. Kenaka dzanja linamugwira paphewa. Atacheuka anapeza palibe amene akuseka.

"Ndakuitanani kanayi, bambo," anatero mayiyo, akumuyang'ana kumaso.

"Zala zanga ndi izi, zonse khumi," anatero Bwerezani. "Koma mdzukulu wanga wanditchula agogo ine osamva. Ngati kumeneko si kuvulala, ndiuzeni dzina lake."

Anakoka mwana wake pamkono n'kumuimika pakhoma pomwepo. Mayiyo anaitana kamodzi, zii. Kawiri, zii. Mwanayo anacheuka kachitatu.

Alamu anafika pafupi, maso ali psuu. "Alamu, chipongwe chotere pamaso pa mlendo? Bwanji osandiuza kunyumba?"

"Ndinkakuuzani tsiku lililonse ndikamati bwerezani, alamu. Inu munanditcha dzina."

Eee, mawu amenewo anagwa ngati thabwa lonyowa! Bwerezani anapita pabolodi n'kufufuta 600 uja ndi chikhatho chake. Mayiyo analemba kuti makina asalirenso mpaka aliyense atalandira zotsekera makutu.

Masiku atatu alamu sanamupatse moni. Lolemba anafika ndi katoni, n'kutulutsamo zotsekera makutu zachikasu, zazikulu ngati makapu. Chimodzi anamuponyera Bwerezani pachifuwa. "Valani, akuluakulu, mwina kamene katsalako kapulumuka." Chibale ndi fupa, sichiola. Kuyambira tsikulo, alamu akatha kuwerenga zala ankazungulira kumbuyo kwa mzere n'kumanong'oneza dzina la aliyense. Akacheuka onse, kupatula Bwerezani yemwe anamukhululukira, ndiye choko chinkagwira ntchito.

Patatha mwezi, nthawi yopuma masana, mpongozi uja anaima pageti mdzukulu uja ali kumsana. Bwerezani anaona timilomo tija tikugwederanso, ndipo sanamve kanthu. Koma mwana wake wachisamba uja, atangovula zachikasu zija, anacheukira kugeti nthawi yomweyo, kamodzi kokha, mutu uli chilili. Mtima wa Bwerezani unadzaza mpaka misozi inalengeza.

"Wati chiyani mwanayo?" anafunsa.

Mwana wake anawerama n'kumukuwira kukhutu. "Wati agogo, ababa!"

Anamva bwinobwino. Koma anapukuta utuchi pandevu, akumwetulira mano onse kunja.

"Bwerezani," anatero.