Masiki ya M'kabati

Mkazi wa wopenta magalimoto anali atatopa nayo nkhani ya mkaka, kutopa kwenikweni. Madzulo aliwonse mwamuna wake ankafika m'mphuno muli penti, lero yofiira, mawa yobiriwira, n'kugugudiza kapu ya mkaka, ati kutsuka m'chifuwa. Ati kugalaja aliyense amatero. Koma abale, mkaka unayamba liti kudzera m'mapapo? Chifuwacho chinkangolirabe ngati chitseko chadzimbiri.

Adokotala atanena mosabisa kuti mapapo a bamboyo ayamba kuwonongeka, ndipo akapitiriza kupuma penti adzasiya ana ali aang'ono, mayiyo anakagula masiki yeniyeni, ya labala, yokhala ndi zosefera mpweya uku ndi uku. Bamboyo analandira ndi manja awiri, kuthokoza kwake kogwira mtima.

Koma m'mphuno mitundu sinasiye kusinthana.

Tsiku lina masana mayiyo anangoti ndikadzionere ndekha. Anapeza galaja ili yotseka, mawindo omwe, kuopa fumbi pa penti yaiwisi. Atakankha chitseko, fungo linamuwawa m'maso mpaka misozi. M'kati mwa nkhungu ya penti munali mwamuna wake, akupopera minibasi, kukamwa atamangako kansanza ka malaya akale. Nanga masiki? Inali phee m'kabati ya zitini, m'pulasitiki momwe inabwerera. Mayiyo anaitulutsa n'kuikweza m'mwamba.

"Bambo a ana, kodi ichi ndinagulira kabati?"

Bamboyo anazimitsa kompuresa yopopera penti n'kutsitsa kansanza kaja. "Iii amayi, chinthu chokongola chonchi ndichidetse ndi penti? Ndimavala akabwera oyendera ntchito."

"Oyenderawo ndi amene akutsokomola kunyumba kwanga?"

"Imatentha. Komanso anzangawa akuti ndikavala ndimaoneka ngati nkhumba."

"Bola nkhumba yopuma! Mukufuna mukakongolere ndani m'bokosi?"

"Aaa, inunso. Si mkaka ndikumwa tsiku lililonse?"

"Mkaka, mkaka! Ndinu mwana wa ng'ombe inu?"

Amakaniko amene anali pansi pa lole anaphulika nako kuseka. Apo ndiye bamboyo zinamukwana. Kunyozedwa ndi mkazi pamaso pa anzake! Anatulutsa chifuwa, chala m'mwamba.

"Tamverani kuno, mayi inu! Ine ntchito imeneyi ndinaiyamba musana..."

Mpweya unathera pomwepo. Anayasamula kukamwa, koma munangotuluka kaphokoso kopyapyala. Anawerama, dzanja n'kutsamira pa minibasi, pa penti yaiwisi imene ankaitsekera mawindo ija, mapewa akukwera ndi kutsika.

Mkwiyo wonse unamuthera mayiyo, m'malo mwake munalowa mantha. Anaima pomwepo, masiki ili m'manja, kudikira kuti mwamuna wake amalize kumukalipira. Sanalakalakepo kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Anadikira ndithu, koma mawu aja sanabwere.