Mawu a mu Mphako ya Mlambe

Chaka cha 1978, pasukulu ina ya pulayimale kufupi ndi Yofu panayamba kumveka mawu opanda mwini. Ana a Sitandade 1 akanena kuti "ba be bi bo bu" n'kukhala chete, kamawu kena kakang'ono kankabwereza kuchokera panja. Aphunzitsi akasuzumira pawindo ankangoona mlambe waukulu uli chiimire, popanda munthu. Mphekesera inawanda yoti ndi mzimu wa mwana amene anamira m'nyanja kalekale, ndipo ana ambiri anayamba kujomba chifukwa cha mantha.

Dorica ankazimva izi poviika chinangwa kunyanja. Komabe mumtima ankati za sukulu n'za eni ake. Mwana wake Evelina, wa zaka zisanu ndi zitatu, anangophunzirako mwezi umodzi. Tsiku lina anagwa khunyu m'kalasi, thovu lili kukamwa, ndipo makolo a ana ena anabwera atalusa kudzanena kuti thovulo likakhudza ana awo nawonso ayamba kugwa. Mwamuna wa Dorica anali ku Halale kuntchito. Posowa wofunsana naye, ndiponso chifukwa cha manyazi, Dorica anamusiyitsa mwanayo sukulu. M'mawa uliwonse ankamuuza kuti, "Ukhale pompano. Usayandikire moto, usayandikire nyanja."

Lachinayi lina, mayi wina kunyanja kuja anati, "Amake Evelina, simunamve? Lero abambo akukasonkha moto mumphako ya mlambe uja, kuti chimene chikukhalamocho chituluke ndi utsi."

Dorica anaona kuti wayiwala mpeni wosendera chinangwa, ndiye anabwerera kunyumba. Pakhomo panali zii. Anaitana kawiri, osayankhidwa. Kenako anaona pamchenga pali zilembo zolembedwa ndi chala: nda nde ndi ndo ndu. Evelina anasiya sukulu asanafike pamenepo. Nanga anazitenga kuti? Dorica anakumbukira kamawu ka kumlambe kaja, ndipo anathamangira komweko chitenje chili m'manja.

Pamlambe paja anapeza anthu ataunjikana, onse ali duu. Udzu wouma unali utatseka kale pakamwa pa mphako, ndipo bambo wina anali atanyamula chikuni choyaka. M'kalasi ana ochepa anayimba, "nda nde ndi ndo ndu." Kunja kunali bata, ngakhale mbalame osamveka. Kenako kamawu kaja kanayankha kuchokera mkati mwa mtengo, pang'onopang'ono. Akuluakulu ndi ndevu zawo anabwerera m'mbuyo, koma Dorica anawadziwa mawuwo.

"Musayatse! Ndi mwana wanga!"

Anakoka udzu uja ndi manja ake. Evelina anatuluka chokwawa, m'mutu muli zitosi za mileme, m'manja muli kachibenthu ka sileti. Ataona khamulo ndi moto ananjenjemera, n'kugwa pansi khunyu litamugwira.

"Thovu! Musamukhudze!" anthu anakuwa uku akumwazikana.

A Marian, namwino amene anabwera m'mudzimo kudzayeza ana sikelo, ndi okhawo amene anayandikira. Anagwada, anamugoneka mwanayo chammbali n'kupinda chitenje pansi pa mutu wake. Thovu lija analipukuta ndi dzanja lawo, kenako anakweza dzanjalo kuti aliyense aone.

"Ndapukuta thovu lotere zaka khumi ndi zisanu. Munandionapo nditagwa?" anafunsa. "Khunyu ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana. Munthu akagwa, muchotsereni zinthu zomupweteka, mumugoneke chonchi, ndipo osamuika kanthu m'kamwa. Amake Evelina, mawa mubwere naye kuchipatala. Mankhwala alipo."

Bambo wa chikuni uja anachizimitsa mumchenga, maso ali pansi. Dorica analira poyera, chifukwa anazindikira kuti pomubisa mwana wake anatsala pang'ono kumuphetsa. Evelina atatsitsimuka anati, "Amayi, musandikwapule. Ndimangofuna kumva nawo."

A Oswald, mphunzitsi wamkulu, anavula chipewa. "Ifenso tinalakwa pongoyang'ana mwana akuchoka," anatero. "Sukuluyi ndi ya mwana aliyense. Lolemba abwere, akhale kutsogolo."

Makolo awiri atatu anang'ung'udzabe, koma Lolemba lisanafike a Marian anawayendera khomo ndi khomo. Evelina anayamba kumwa mankhwala, kugwa kunachepa, ndipo anzake anaphunzitsidwa chochita akagwa. Pa mayeso otseka chaka Evelina anakhala nambala 2.

Makolo ndi aphunzitsi, khunyu, kulumala kapena umphawi si zifukwa zotsekera mwana kunja kwa kalasi. Mwana aliyense ayenera kuphunzira limodzi ndi anzake. Dorica akamadutsa pasukulupo popita kunyanja ankaima pang'ono n'kumvetsera. Mlambe unali chete, ndipo kamawu kaja kankamveka mkati mwa kalasi, pamodzi ndi enawo.