Digiri Yochotsera Anthu Ntchito

Kapitawo anatiuza kuti fokolifiti imodzi akuigulitsa. Pafakitale yathu ya sopo mafokolifiti onyamulira makatoni analipo awiri, oyendetsa tinalinso awiri: ine ndi mnzanga wina amene tonse timangomutcha Chipewa, chifukwa chipewa chake sachivula ngakhale akusamba. Sipankafunika sukulu kuti munthu aone kuti mmodzi wa ife akupita kunyumba.

"Asankhe ndani?" Chipewa anafunsa.

"Madamu atsopano aja a ku ofesi yoona za antchito," anatero kapitawo. "Paja adakali poyesedwa. Bwana akufuna aone ngati ali nawo mtima wa ntchito imeneyi."

Madamuwo ndi mlongo wanga. Mayi mmodzi, abambo osiyana, ndiye mayina athu sagwirizana. Ndinamuphunzitsa ndine, ndi manja ogwira chiwongolerowa. Zaka zonse zimene anali ku yunivesite ndinkagwira ovataimu mpaka kumva chizungulire, nsapato yomweyomweyo, mkazi wanga akundinena kuti ndinakwatira mitala ndi yunivesite. Anzanga ankandiseka. Eti digiri yoyang'anira anthu! Akanakhala nesi bwenzi akutibaya jakisoni, akanakhala loya bwenzi akutitulutsa kupolisi, nanga ameneyu adzatipatsa chiyani? Ine ndinkawayankha mwamatama kuti dikirani, tsiku lina mudzamuvulira chipewa.

Atamaliza anakhala pakhomo nthawi yaitali, digiri ili phee m'sutikesi, ine manyazi akundigwira pamaso pa aliyense. Mpata utapezeka pafakitale pathu, tinamva kuti pali lamulo loti wa ku ofesi ya antchito asakhale ndi m'bale wake pakampanipo. Ndinamuuza kuti atseke pakamwa. Pageti tinkadutsana ngati alendo, iye "mwadzuka bwanji bambo", ine "ndadzuka madamu". Malipiro ake oyamba anaposa anga kutalitali. Mankhwala a shuga a amayi anayamba kugulidwa pa nthawi yake, ana anga anasiya kubwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ndinayamba kugona tulo.

Koma panali munthu mmodzi wodziwa. Tsiku limene mlongo wanga ankalandira digiri ndinapita ndi Chipewa, ndipo ndi iyeyo anatijambula, ine nditamukumbatira mwanayo atavala mkanjo wake wakuda, mano anga onse ali pamtunda. Chithunzicho chinali mufoni mwake.

Tsiku limene kapitawo anatiuza zija, pa nthawi yopuma Chipewa anandipeza kuseri kwa makatoni. Ndinkaganiza kuti abwera ndi ukali, koma anayankhula motsitsa mawu.

"Aise, ukudziwa mmene zilili kwathu," anatero. "Mkazi wanga ndi wodwala, ana ndi aja ukuwadziwa. Mlongo wako akachotsa ine n'kusiya iwe, ndikaonetsa bwana chithunzi chija. Usandione ngati mfiti. Ndilibe kolowera."

"Ndiwe galu," ndinatero, koma mawu anatuluka aang'ono ngati a mwana.

"Eya, ndine galu," anavomera, n'kubwerera kuntchito.

Masana onsewo ndinayendetsa ngati wophunzira. Ndinatsala pang'ono kugwetsa mulu wonse wa makatoni, kapitawo n'kundikalipira kuti kodi ndaledzera. Ndinali ndi mantha, abale inu, mantha enieni. Chithunzi chija chikangofika kwa bwana, ine ndi mlongo wanga tonse tili panja, ndiye amayi adzamwa chiyani? Ndinakalowa m'chimbudzi, n'kudzitsekera, n'kumuimbira.

"Achimwene," ananong'ona mlongo wanga, "sindingathe. Ndingosiya ntchitoyi ineyo."

"Usiye? Wapenga? Ukasiya, asankha wina, ndipo akhoza kundichotsabe. Ndiye tikakhale pakhomo tonse tikuyang'anitsitsana?"

"Nanga nditani?"

Ndinatseka maso. Ndinaganiza za malipiro ake, ndinaganiza za anga, ndipo panalibe choti n'kuwerengera kawiri.

"Sankha ine," ndinatero.

Anayamba kulira, ine n'kudula foni. Ndinakhala pamenepo thukuta lili kamukamu. Munthu wa imvi m'ndevu ngati ine, amene sadziwa china koma chiwongolero, angamulembe ntchito ndani? Kunyumba sindinauze mkazi wanga chilichonse. Chakudya ndinangochiyang'ana, n'kunama kuti m'mimba simuli bwino.

Pafakitale pathu kuchotsa munthu kuli ndi kachitidwe kake. Mlonda amabwera uli mkati mogwira ntchito, n'kukupempha makiyi. Kenako amakuyendetsa pakati pa anzako onse kupita kukachipinda ka magalasi, kamene kali pakatikati kuti aliyense aone. Patebulo amaikapo botolo la madzi. Palibe amene anamwapo madzi amenewo.

Lachisanu m'mawa mlonda anatambasula dzanja kwa ine. Ndinkadziwa kuti abwera, koma makiyi anandipulumukabe n'kugwera pansi. Atsikana olongedza sopo anasiya macheza. Chipewa anazolika ngati akufuna chinachake pansi pa mpando.

M'kachipindamo ndinapeza mlongo wanga atakhala kuseri kwa tebulo, atagwira mapepala. Pakona panali bwana wamkulu, miyendo atapingasa, kapu ya tiyi ili m'manja. Anabwera kudzaonerera mayeso.

"Khalani pansi, bambo," anatero mlongo wanga. Basi, mawu anathera pomwepo. Maso anafiira, misozi ili lengelenge, ndipo ankandiyang'ana mmene ankandiyang'anira ali wamng'ono akathyola kapu ya amayi. Ndinamutsinzinira diso kuti ayankhule, koma ayi ndithu.

Bwana anaika kapu pansi. Anayang'ana iye, n'kuyang'ana ine, n'kuyang'ananso iye. Mphumi zathu n'zofanana, ndipo tsiku limenelo ndinazitemberera.

"Madamu, pali vuto?" anafunsa pang'onopang'ono. "Kapena bambowa mumadziwana nawo?"

Ndinaona kuti mwanayu avomera, chifukwa kunama sakutha chibadwire. Ndinamenya tebulo mpaka botolo lija linagubuduzika.

"Andidziwira kuti ine ameneyu?" ndinakuwa. "Mwana wadzana lomweli! Thukuta mumalidziwa inu, madamu? Ine ndathyoka msana pakampani pano inu mukuyamwa chala! Lero mwabwera ndi kapepala kanu, mwakhala pa mpando wa ndalama, kudzandiuza kuti ndilibe ntchito?"

Ndinayamba ngati sewero, chilungamo chake. Koma pakamwa panathamanga pokha, ndipo zimene zinkatuluka sindinazikonze.

"Wina wake anasala kudya, anayenda ndi nsapato yobooka, anakangana ndi mkazi wake, kuti inu mukaphunzire chiyani? Kuthamangitsa anthu osauka! Digiri yake ndi imeneyi? Amene anakulipirirani sukuluyo ndi chitsiru, ndipo ndalama zake akanangomwera mowa!"

Nditasiya, ndinadzimva ndekha ndikupuma ngati ndathamanga, ndipo ndinachita mantha kuposa poyamba, chifukwa sindinadziwe kuti mawu amenewa ndinkawasunga pati zaka zonsezi.

Misozi ya mlongo wanga inauma ine ndikuona. Anawongola msana, n'kusanja mapepala bwinobwino patebulo.

"Mwamaliza, bambo?" anafunsa.

Kenako anayankhula. Anandifotokozera kuti kampani yachepetsa ntchito, kuti si chifukwa cha cholakwa changa, kuti ndilandira zanga zonse monga mwa lamulo, za masiku atchuthi amene sindinapume, za zaka zimene ndagwira. Sanaphonye liwu ndi limodzi lomwe. Anandionetsa posaina, nane ndinasaina dzina lopindika ngati la mwana wa sitandade wani. Kunena zoona, anaphunzira mwanayu. Akanakhala akuchotsa wina bwenzi ndikuwomba m'manja.

"Alonda," anaitana, "aperekezeni bambowa mpaka pageti. Asabwererenso kumakatoni."

Ndikutuluka ndinamva bwana akuseka. "Ndimaona ngati mufooka, madamu. Anthu otere amafunika kutero. Lolemba mudzasaine, ntchito ndi yanu."

Pageti mlonda anasecha chikwama changa, munthu amene takhala tikugawana ndudu zaka ndi zaka. Geti linatsekeka kumbuyo kwanga. Dzuwa linali lisanafike n'pamutu pomwe, ndipo sindinadziwe kuti munthu amapita kuti nthawi ngati imeneyo. Ndinakhala pa chitsulo china m'mbali mwa msewu kudikira nthawi yopuma.

Belu litalira ndinamuimbira mlongo wanga. Ndinkafuna kumuuza kuti linali sewero chabe, kuti wapambana, kuti tonse tapambana. Foni inaitana mpaka kuduka. Ndinayesanso, sanayankhe.

Patapita kanthawi foni inanjenjemera m'dzanja langa. Anali atanditumizira ndalama, zokwanira lendi ndi fizi ya ana, popanda liwu ngakhale limodzi. Ndinaziyang'ana nthawi yaitali, osadziwa ngati watumiza ndi mlongo wanga kapena ndi madamu.