Mfuti za a Wendell

"Yandikizani pakamwa, Amayi Pruitt, sitikukumvani," anatero Abusa Lindqvist, amene ankayendetsa mtsutsowo.

Ndinayandikiza chimkuzamawucho, ndipo chinalira ngati kamwana ka nkhumba kopanidwa pachitseko. Anthu anaseka. Ine sindinaseke.

Linali Loweruka masana mu holo ya ozimitsa moto, ndipo Lachiwiri lake tinkakavotera sherifu, mkulu wa apolisi a m'boma lathu. Opikisana anali awiri. Kumanja kunali a Merle Tackett, amene anakalambira pampandowo, chipewa chili patebulo, mimba itatsamira pachipewacho. Kumanzere kunali Corinne Vasek, mtsikana amene ndinamuphunzitsapo Sande sukulu. Anagwirapo upolisi pansi pa a Merle omwewo, n'kusiya atayambana nawo.

Anali atalimbana kale pa zambiri. Corinne ankafuna wapolisi aliyense azivala kamera pachifuwa, a Merle anati kamera sinagwirepo wakuba ng'ombe. Corinne ankati anyamata a mankhwala ozunguza bongo azipita kuchipatala, a Merle anati chipatala chawo ndi ndende. Anakangananso za denga la ndendeyo, loti likudontha. Zonsezi zinkangondidutsa m'makutu. Ine ndinabwerera chinthu chimodzi basi.

"Ndikufunsira mnzanga," ndinatero. "Amuna ake ali ndi mfuti m'nyumba, ndipo iye akuopa kuti adzipha nazo. Lamulo likuti woweruza akavomereza, apolisi akhoza kukatenga mfutizo n'kuzisunga mpaka munthuyo mutu utakhazikika. Ndiye ndikufunsa: woweruza atavomereza, mwa awirinu adzapite ndani?"

Mnzanga ameneyo panalibe amene sankamudziwa.

Mwana wathu mmodzi yekhayo, Travis, anamwalira chaka chapitacho, nyengo ngati yomweyo. Amuna anga a Wendell anamutuma kukatchetcha udzu wa ng'ombe kumunda wa potsetsereka, thirakitala n'kugubuduzika naye. A Wendell ndi amene anamupeza. Pamaliro sanalire, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi mwamuna wolimba mtima. Kulimba mtima kwakeko ine ndi amene ndinkagona nako chipinda chimodzi, ndipo ndinkadziwa kuti ndi mtengo wofumbwa m'kati.

Chimene chinandiopsa si kukhala chete kwawo ayi. Chinandiopsa ndi tsiku limene anayamba kuchangamuka. Anakonza denga la khitchini limene ndinalidandaula zaka ndi zaka. Ananditengera kuchitsime n'kundionetsa kakonzedwe ka pampu, kenaka anati ndibwereze ndekha iwo akuona. Sabata yotsatira anakweza Rusty, galu wawo, m'galimoto n'kukamupereka kwa aneba. Galu amene ankadya naye mbale imodzi! Atabwerako anandiuza akumwetulira kuti kumeneko kuli ana, akasangalala.

Mfuti zinali m'kabati yachitsulo, kiyi ali pachingwe m'khosi mwawo usana ndi usiku. Ine mfuti sindidana nazo, ndinakulira nazo, ndipo nkhandwe yoba nkhuku sindiiphonya. Koma kabati imeneyo ndinayamba kuimva ngakhale ndili kuchipinda china. Kuwafunsa maso ndi maso ndinkaopa. Ndinkaona ngati ndikangotchula mawuwo ndiye kuti ndawatsegulira njira.

Ndinapita kwa alamu anga, anati mwamuna salandidwa mfuti ngati mwana wolandidwa mpeni. Ndinapita ku ofesi ya a Merle, amene anakulira limodzi ndi a Wendell, ndipo chikwangwani chawo cha kampeni chinali pageti pathu, chokhoma a Wendell ndi manja awo. A Merle anandipatsa khofi, n'kundisisita paphewa. "Darlene, mwamuna akaferedwa amatero. Chisankho chikangotha ndimutenga tikawedze nsomba, aiwale." Ndinatuluka khofiyo ndisanamulawe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, n'chifukwa chake ndinaimirira mu holo muja. Ndinkati mwina pamaso pa anthu wina achita manyazi n'kulonjeza.

A Merle ndi amene anayamba. Anadzuka pang'onopang'ono, n'kukoka lamba.

"Abale anga, mumandidziwa, sindizungulira. Ine ndili pampando uno, palibe wapolisi wanga amene adzakhudze mfuti ya munthu wosalakwa. Lero tikalanda chifukwa mayi wadandaula, mawa tidzalanda chifukwa apongozi akwiya. Amuna muli muno, ndani amene akazi ake sanamunenepo kuti mutu sukuyenda?"

"Anga amatero m'mawa uliwonse!" anakuwa bambo wina kumbuyo.

"Mwamva? Ndiye tikathe mfuti boma lonse? Chipepala cha woweruzacho chikadzafika pa desiki panga, ndidzayatsira mbaula."

Holo inagwedezeka. Anthu anaomba m'manja, ena kuponda pansi ndi majombo, ena kuimba malikhweru. A Merle anayang'ana mbali zonse, kumanja, kumanzere, kumwamba. Pamene panali ine pokha ndi pamene maso awo sanafikepo.

Corinne anayamba wamwa madzi. Anamwanso.

"Zikomo, Amayi Pruitt, funso lanu ndi lofunika kwambiri. Lamulo ndi lamulo, komanso ufulu wa munthu ndi ufulu wake. Ine ndikadzalowa, tidzakhala pansi ndi a zaumoyo, tidzaunika nkhani iliyonse payokha. Tisaiwalenso moyo wa apolisi athu, chifukwa kugogoda pakhomo pa munthu wamfuti si masewera."

"Yankha, mtsikana iwe!" anakuwa bambo uja. "Eya kapena ayi?"

"Ndati tidzaunika."

"Nanga sabata ino?" ndinafunsa. "Mnzangayo atani sabata ino?"

Abusa anali atafika kale pambali panga. Anandilanda chimkuzamawu mwaulemu, monga amalandirira mbale ya chopereka. "Nthawi yatithera, mayi. Mnzanuyo timukumbukira m'mapemphero. Tiyeni tipume kaye, khofi ndi makeke zili kumbuyoko."

Anthu anadzuka, n'kumandilambalala ngati chithaphwi. Amayi amene ndinkaimba nawo kwaya anapeza chochita ndi zikwama zawo. Corinne anandipeza pafupi ndi khomo, n'kundikokera kuseri kwa galimoto yozimitsira moto.

"Anti Darlene, ndi Ankolo Wendell, eti?"

"Ukufunsa chimene ukuchidziwa."

"Anti, mundimvetse. Ndikanangoti eya muja, mavoti onse a kumafamu apita. Ndikaluza ndiye sindingathandize aliyense. Koma ndikapambana, ndikulumbira, ndidzabwera ndekha, sindidzatuma munthu."

"Liti?"

Anayang'ana pansi. "Amalumbiritsa mu Januwale."

"Januwale? Iwe Corinne, tsiku limene Travis anamwalira ndi Lachisanu likubwerali. Galu apereka kale. Ukundiuza za Januwale?"

Misozi inalengeza m'maso mwake, ndipo ndikhulupirira kuti inali yeniyeni. Koma misozi ndinali nayo yanga yokwana, sindinabwerere imeneyo. Ndinamusiya pomwepo.

Ndikutuluka, bambo wina amene anakhala pakatebulo kodzaza mawaya anavula zomvera m'makutu n'kundikodola. Ndinamuzindikira, anali wa pa wailesi ya m'tauni mwathu.

"Mwamveka bwino zedi, Amayi Pruitt," anatero mokondwa. "Poyamba paja chinalira, koma kenaka mawu anu amveka mbee. Boma lonse lakumvani."

"Lamva bwanji?"

"Tikuulutsa pompopompo. Simunaone chikwangwani pakhomo?"

Sindinachione. Ndinalowa mu holo muja maso ali pansi, ndikubwereza funso langa chamumtima. Mu shedi ya a Wendell wailesi sizima. Imanena mitengo ya ng'ombe, za nyengo, mauthenga a maliro, ndipo iwo amagwira ntchito ili chilankhulire. Abusa anali atanditchula dzina. Corinne anabwerezanso. Chimene ndinalephera kuwauza m'chipinda mwathu chaka chathunthu, ndinawauza pamaso pa boma lonse, iwo ali okhaokha pafamu, kiyi ali m'khosi.

Ndinathamangira kwa a Merle. Anali pakati pa anthu, keke kudzanja lina, dzanja lina likupereka moni. Ulemu ndinausiya. Ndinawagwira malaya.

"Merle, Wendell wamva zonse pa wailesi. Ali yekha. Tiye, ndakupempha, tiye pompano!"

Nkhope yawo inasintha, sindinganame. Kwa kanthawi ndinaona mnyamata amene anaima pambali pa a Wendell tsiku la ukwati wathu. Kenaka anayang'ana anthu amene anatizungulira, onse makutu ali tcheru.

"Darlene, gawo lachiwiri likuyamba," anatero motsitsa mawu. "Ndikanyamuka pano aziti chiyani? Tsogola. Ndikangomaliza ndidutsa."

Msewu wa kwathu ndi wautali, wafumbi, wowongoka ngati chingwe. Ndinauyenda moyo wanga wonse, koma tsiku limenelo unkangotalikira. Ndinaimba foni ya kunyumba, inangolira. Ndinaimba ya m'manja ya a Wendell, inangolira. Ndinapemphera, kenaka ndinatukwana, kenaka ndinapempheranso. Ndinkalankhula ndi Travis mokweza ngati wakhala pampando wa pambali, kumuuza kuti awakanize bambo ake, awabweze, kumeneko asawalandire. Kawirikawiri ndinkasuzumira pagalasi kuona ngati kumbuyo kukubwera galimoto ina. Linali fumbi langa lokha.

Pageti sindinatsike kukatsegula bwinobwino, ndinangolikankha ndi galimoto. Chitseko cha shedi chinali pululu. M'katimo wailesi inkalankhula yokha, Corinne akufotokoza za magalimoto atsopano a apolisi.

"A Wendell!"

Zii.

"A Wendell, ndayankheni!"

Ndinazungulira nyumba. Ndinawapeza pamasitepe a khonde la kutsogolo, kumene timalandirira alendo. Anali atameta ndevu, atavala malaya oyera a kutchalitchi. Pakhondepo anayala bulangete, ndipo pabulangetepo anandandalika mfuti zonse za m'kabati, zazitali ndi zazifupi, zopukutidwa bwino. Imodzi yokha inali pamiyendo pawo.

Ndinaima. Ndinaopa kuthamanga, ndinaopanso kupuma.

"Mnzako uja ali bwanji?" anafunsa osandiyang'ana.

"Sagona," ndinayankha. "Patha chaka asakugona."

Anagwedeza mutu. Kenaka anasuzumira kumbuyo kwanga, kumsewu, nthawi yaitali.

"Wabwera wekha?"

"Ndekha."

"Ndimayesa Merle abwera. Ndatulutsa panja kuti asavutike n'kulowa m'nyumba, angakudetsere pansi ndi majombo ake aja." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. "Ndamumva akuseketsa anthu. Amatha, eti? Kuyambira kusukulu anali choncho."

"Anati adutsa akamaliza."

"Sadutsa. Akadutsa waluza." Anayang'ananso kumsewu. "Ndakhala pano chimalizire iwe kulankhula, Darlene. Ndimati akabwera munthu wa yunifomu n'kundilamula, ndipereka, chifukwa lamulo silifunsa ngati ukufuna. Koma msewu uli mbee. Ndiye ndinayamba kuganiza kuti mwina yankho lake ndi lomwelo."

"Ndabwera ine."

"Iwe si wapolisi."

"Ndi amene alipo."

Sindinadikire chilolezo. Ndinakwera masitepe, kudutsa pambali pawo, n'kunyamula ziwiri zoyamba. Ndinakaziika m'galimoto, n'kubwerera. Ulendo uliwonse ndikawafulatira, khutu linkadikira phokoso limene ndakhala ndikulidikira chaka chonse. Iwo anangokhala, akundiyang'ana ndikupita ndi kubwera. Bulangete litatsala lokha, ndinakhoma galimoto, kiyi n'kumuponya m'kamisolo. Kenaka ndinabwera kudzagwada patsogolo pawo.

Ya pamiyendoyo inali yaing'ono, yosakira agwape, chogwirira chake chokandikakandika. Anamugulira Travis atangomaliza pulayimale.

"Iyi ndi ya mwana," anatero.

"Ndikudziwa, bambo ake a Travis."

Dzina limenelo linali lisanamveke pakhomopo chiikire maliro.

"Ndinamutuma ndine, Darlene. Anati udzu ukadali wonyowa, tidikire mawa. Ine ndinati ulesi."

"Ndikudziwa. Muli chipolopolo?"

"Chimodzi."

Ndinaigwira pakati ndi manja onse awiri, n'kuloza kukamwa kwake kumwamba. Ndinakoka pang'ono. Sinasunthe. Zala zawo zinali zitaikanirira, mfundo zake zitayera, ndipo a Wendell ndi munthu wogwetsa ng'ombe yamphongo yekha. Tinakhala choncho, ine chogwada, iwo chokhala, mfuti ili pakati pathu. Dzuwa linkatiwomba kumaso. Kumsewu kunalibe ngakhale kafumbi.

"Siyani," ndinatero. "Ndakugwirani mwendo, siyani."

"Ndikufuna kusiya." Misozi imene inakanika pamanda inali ikutsika tsopano, kunyowetsa kolala ya malaya oyera aja. "Mulungu akudziwa, ndikufuna. Dzanjali likukana. Koka, mkazi wanga. Usandimvere chisoni, koka zolimba."

Ndinaponda phazi pasitepe, pakati pa majombo awo, n'kukoka ndi msana wonse, monga timakokera thole limene lakanirira m'mimba mwa make.